Insulini wa Taonga mu mtsuko

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ndine mayi wa ku Chelstone, ndipo chaka chatha ndinatsala pang'ono kuika m'manda mwana wanga Taonga chifukwa cha magetsi.

Ntchito yanga ndi yoyenda ndi pepala la mafunso. Bungwe lina limafuna kudziwa ngati dziko lathu lakonzekera tsoka lalikulu, ndiye timalowa khomo ndi khomo kufunsa ngati pali filiji, thanki ya madzi kapena galimoto. Nyumba yanga ikanakhoza bwino mayeso amenewo, ndipo ndinkanyada nazo, ndisaname.

Chilala chitavuta, magetsi ankapita masiku awiri, nthawi zina atatu. Taonga ali ndi matenda a shuga, ndipo insulini wake safuna kutentha. Mankhwala anaonongeka kawiri, mwana anagonekedwa m'chipatala osazindikira ngakhale ine mayi wake. Atatuluka ndinayenda Woodlands ndi Kabulonga kupempha kamalo m'filiji kwa anthu a jenereta, koma pageti ankangoti abwana kulibe. Kupemphera ndinasiya, chifukwa ndinali nditakwiya ndi Mulungu.

Tsiku lina ku Kabwata ndinkafunsa mayi wina wogulitsa tomato. Mzere uliwonse ndinamulembera ziro. Titafika pa funso la filiji, misozi inangoyamba yokha.

"Ba sisi, nichani mulila?" anandifunsa.

Nditamufotokozera, anandigwira dzanja. "Malaiti yasiyeni. Ba mudala banga nabeve ni ba shuga. Bwelani muone."

Kuseri kwa chitseko kunali mtsuko waung'ono m'kati mwa waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, pamwamba chiguduli chonyowa. Nditapisamo dzanja ndinamva kuzizira. M'menemo ndi momwe ankasungira insulini wa amuna ake. Mayi uja anandipatsa mtsuko wina wotere tsiku lomwelo, ndipo ndinaunyamula pamiyendo m'minibasi ngati khanda. Anamwino atauona anati ndipitirize.

Taonga ali moyo, ndipo ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha ndisanamupemphe. Koma diso lake lamanzere siliona bwino, ndipo adokotala akuti silibwerera. Pepala la mayi uja ndinalipereka ku ofesi ndi maziro ake, chifukwa palibe mzere wolembapo mtsuko. Tsoka lina likabwera, sindikudziwa kuti tidzathawira kuti.

Inu amene mukudwazika, musaleke kugogoda, ngakhale pamakomo amene mumawapeputsa. Ine m'mawa uliwonse ndimathira madzi mumchenga, n'kupempha Ambuye kuti mwana wanga aone lero lokha. Za mawa sindinayambe kupempha.