Papaya wa Pabalaza

Pamzere wa ku ofesi ya zilolezo zomangira nyumba, mayi wina wosoka zovala anaona bambo wa patsogolo pake akupukuta chithunzi ndi malaya. Pakamwa panamuyabwa.

"Pepani bambo, nanunso chilolezo chinatha?"

"Chinatha, mayi. Ndabwera kudzachita apilo. Akuti ntchito ikaima miyezi isanu ndi umodzi, pepala limafa. Koma ine sindinaimepo. Mwezi uliwonse ndimapitako ndi njerwa imodzi n'kuikhazika bwinobwino."

"Imodzi yokha?"

"Lamulo silinatchule nambala. Umboni ndi uwu."

Mayiyo anachiyang'anitsitsa chithunzicho. Khoma linalekeza m'chiuno.

"Nanga mtengo uli pakatipawu?"

"Ndi papaya, anamera yekha pabalaza. Ndi amene anandigwiritsa kwa woyendera nyumba. Akuti papaya sangafike pobereka pamalo pamene anthu akumanga."

"Bwanji osangomudula?"

"Apongozi anga, amene akutisunga kwawo, akukana. Akuti zaka zinayi zonsezi, chimene chakwera pamalopo n'kuwapatsako kanthu ndi papaya yekhayo."

"Nanga apilo ikakanika?"

"Apongoziwo anagamula kale, mayi. Papaya atsala, wochoka ndine."