Mawaya a Mapulagi

Malemu bambo athu anabadwa pa 9 Malichi 1966. Abanja asankha ine, mwana wawo womaliza, kuti ndiwerenge mbiriyi poti ndangomaliza sukulu. Mundikhululukire, ndaikamo china chimene sindinauzepo munthu.

Atamaliza pulayimale mu 1981, anaphunzira umakaniko. Anakwatira mayi athu mu 1994, ndipo mu 2001 anatsegula galaja kuseri kwa nyumba. Ankagunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake n'kuika kukhutu, n'kudziwa valavu imene yayamba kugogoda. Ine sanandimvetserepo choncho.

Mu 2018 anayamba kuphunzitsa achemwali anga. Ine anati manja angawa ndi a cholembera. Ndinkakhala kuseri kwa chitseko ndi kope, ndikuwamva akufotokoza kuti pisitoni imatsika kukoka mpweya ndi petulo, imakwera kupanikiza, pulagi imathetheka moto woikankhira pansi, kenako pisitoniyo imakweranso kutulutsa utsi. Ankati masilinda sayaka motsatana ngati ana pamzere: imayamba yoyamba, kenako yachitatu, yachinayi, yachiwiri. Achemwali akakhoza, bambo ankawasisita kumutu ndi dzanja la girisi. Girisi ameneyo ndinkamufuna ine.

Pa 6 Ogasiti 2022 achemwali ankayenera kuliza injini yoyamba imene anamanga okha. M'mawa, iwo akusamba, munthu wina anasinthanitsa mawaya a pulagi yachiwiri ndi yachitatu. Injini inatsokomola, inanjenjemera, n'kuphulika ngati mfuti. Mwini galimoto anaseka. Bambo anawalanda achemwali sipanala pamaso pa anthu, ndipo chichokereni tsikulo achemwaliwo sanapondenso m'galajamo.

Malemu anayamba kudwala chifuwa mu Januwale chaka chino. Kuchipatala ankangofunsa ngati achemwali avomera kudzatsegula galaja. Ngakhale pamenepo mtima unkandiwawa, poti wowamwetsa mankhwala ndinali ine. Anatisiya Lachiwiri lapitali asanamve yankho.

Asiya mayi athu, ana awiri ndi azichemwali awo atatu. Tikuthokoza anamwino, a mpingo, ndi amakaniko anzawo amene atseka magalaja awo lero kuti adzanyamule bokosi. Bambo, usani mumtendere, zotsalazi n'zathu.

Achemwali, makiyi a galaja ndi awa. Injini ija munaimanga bwino, panalibe chimene munalakwitsa. Mawaya aja ndinasinthanitsa ndine.