Mpweya wa Apongozi

Kampani inalamula kuti sitima ya katundu iliyonse yotulutsa utsi wopyola muyezo isanyamuke padoko Lachisanu. Ndiye mkamwini, amene ankakonza njira ndi nthawi za maulendo, anaitanira mu ofesi apongozi ake, kaputeni wa zaka makumi atatu panyanja, n'kutseka chitseko.

"Bambo, pepani," anatero mkamwini maso ali papepala. "Mukutulutsa mpweya woipa wambiri."

"Aa! Ine?"

"Inuyo. Pa makaputeni onse asanu ndi awiri, mukutsogola ndinu."

Kaputeni anavula chipewa. "Wakuuzani ndani? Mkazi wanga?"

"Ayi, bambo, tinayeza. Matani makumi anayi pa tsiku."

"Matani! Akamwini, munthu m'modzi?"

"Makamaka mukathamanga. Akuluakulu a padoko adandaula kale, akuti mukamafika amakudziwirani patali."

"Bodza! Amene uja ndi wophika, amakonda nyemba!"

Mkamwini anasanthula mapepala. "Wophika sanalembedwepo apa. Koma musadandaule, njira ilipo. Muziyenda pang'onopang'ono, mphepo izikukankhani kumbuyo."

"Kuti fungo lizipita kwa ali kutsogolo?"

"Kutsogolo kulibe munthu, bambo, ndi madzi okhaokha. Chachiwiri, mainjiniya akufuna akuikeni chosefera."

Kaputeni anadzuka n'kugwira thalauza ndi manja awiri. "Pati?"

"Potulukira pomwepo. Amuna anayi, masiku awiri, ndi moto wowotcherera."

"Mayo ine! Mwana wanga ndinam'pereka kwa chigawenga!"

"Sizipweteka. Kaputeni mnzanu wandevu uja anamuika chaka chatha, pano amangotulutsa koyera."

"Ndiye chifukwa chake amayenda chotangadza!"

"Amayenda bwinobwino, mafuta akumwa ochepa."

"Amamwa mafuta?"

"Injini, bambo. Injini ya sitima."

Kaputeni anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kuvalanso chipewa.

"Nthawi yonseyi mukunena sitima yanga?"

"Eya. Nanga ndikananena chiyani?"

"Sitima yanga ija? Yoti ndimaipukuta ndekha ndi kansalu?" Anamenya tebulo, zolembera n'kudumpha. "Imene ija sinanunkhepo chibadwire! Muichotse papepalapo msanga!"

"Koma bambo, matani makumi anayiwa achokera penapake. Bwana akufuna dzina pofika masana, apo ayi Lachisanu simunyamuka."

Kaputeni anasuzumira pawindo, pomwe sitima yake inkafuka utsi wakuda bii padoko. Anakoka mpando, natsitsa mawu.

"Lembani kuti ndine."