Mawu Anga Anatsala Kuchipatala

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Yewo chomene pondipatsa mpata. Ine ndine Mayi Kalonga. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linanditumiza kuno ku Hewe kudzaphunzitsa. Mukumva kusasa kwa mawu angawa? Sanali chonchi kale. Sanali chonchi ayi.

Kale ine ndi amene ndinkayambitsa nyimbo m'kwaya yathu. Ndikakweza mawu, anthu opalasa njinga pamsewu ankatsika n'kuima. Chitumbuka ndinachiphunzirira m'nyimbo. Ndinapekanso nyimbo yanga, yonena za Mulungu amene amadzutsa munthu wogwa, ndipo kwaya inagwirizana kuti tikaijambule ku Mzuzu.

Tisanapite, khosi linayamba kutupa. Chithokomiro. Kumeza kunavuta, kupuma kunavuta. Adokotala anandiuza mosabisa kuti, "Mayi, pakufunika opaleshoni, koma mawu anu akhoza kusintha." Ndinavomera, chifukwa ndinkafuna moyo. Moyo ndinaupezadi. Koma nditatsitsimuka n'kuyesa kuitana mwana wanga, panangotuluka mpweya.

Taganizani, abale anga, mphunzitsi wopanda mawu. M'kalasi ndinkangolemba pabolodi, ana n'kumayang'anana. Kulankhula kunabwerera pang'onopang'ono, koma kuimba ayi. Kwaya inandidikira, inandidikira, mpaka inapita ku Mzuzu popanda ine. Sindiwaimba mlandu.

Tsiku lina ndili m'minibasi kuchokera pa boma, wailesi inaika nyimbo yanga ija. Woyambitsa anali mtsikana wina wa m'kwaya, ndipo ankaimba bwino ndithu. Mayi amene ndinakhala naye pampando anandigunda ndi chigongono, amvekere, "Nyimbo iyi imandilimbitsa mtima chomene." Ndinangotembenukira kuwindo. Ndinalira njira yonse. Kuyambira pamenepo kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, n'kumatuluka nyimbo yomaliza isanayambe.

Chaka chatha m'dzinja, mnansi wanga NyaGondwe anataya mwana wake wamwamuna. Mtsinje unadzaza, a kwaya analephera kuwoloka. Tinakhala m'nyumba ya siwa amayi okhaokha, bokosi lili pakati, popanda woyambitsa nyimbo. NyaGondwe anandigwira dzanja.

"Aphunzitsi, mwana wangayu apite popanda nyimbo?"

Ndinati, "Amama, mukudziwa kuti mawu ndilibe."

Iwo anati, "Amene muli nawowo akwana. Imbani."

Ndinatsegula pakamwa. Panatuluka mawu otsika, osasa, ngati a bambo wokalamba. Ndinachita manyazi, ndinafuna kulekera pomwepo. Koma amayi aja anavomera nyimboyo. Anavomera, abale anga! Tinaimba mpaka kumanda, mvula ikutinyowetsa.

Lamulungu lotsatira mkulu wa kwaya, Bambo Mhango, anandiimitsa pakhomo la tchalitchi. Anati, "Mama, tamva kuti munaimba pamaliro. Kumbali ya madoda mawu akuchepa. Bwerani muziima nafe." Ndiye lero mukaona mayi mmodzi ataima pakati pa azibambo m'kwaya, ndine ameneyo.

Sindikunamizani, mawu anga akale sanabwerere. Ndimawasowa. Ndimawasowa kwambiri. Atsikana akamakweza nyimbo m'mwamba, khosi langa limanyamuka lokha kufuna kuwatsatira, n'kubwerera panjira. Nthawi zina ndikakhala ndekha kumunda, pakati pa chimanga, ndimayesa. Ndimati mwina lero. Sizitheka. Ndimapukuta misozi n'kugwiranso khasu.

Komabe ndikuthokoza. Mulungu sanandibwezere chimene ndinataya, koma wandipatsa malo ena oti ndiimepo. Ndikupuma bwino, ndikuphunzitsa, ndikuimba. Ndipo ndimakhulupirira kuti tsiku limene ndidzafike kwa Atate, mawu anga aja ndikawapeza akundidikira. Mundipempherere kuti ndipirire kufikira tsikulo. Ameni.