Mbiri ya Bambo Binwell Kandulu, Makaniko Amene Anapsa ndi Moto Wosaoneka

Malemu bambo Binwell Laimoni Kandulu anabadwa m'chaka cha 1961 ku Magaleta, m'boma lino la Neno. Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana asanu. Sukulu anayambira konko ku Magaleta ndipo analekeza Sitandade 8. Mutu unalipo, koma chigayo chinali pafupi kwambiri ndi sukulu. Aphunzitsi akawasowa m'kalasi ankadziwa kokawapeza.

Mu 1979 anapita ku Limbe kukaphunzira umakaniko pa galaja ya bambo Shafik. Kumeneko anadziwa kukonza mapampu ndi manozo, tizitsulo timene timapopera mafuta m'kati mwa injini ya dizilo. Anabwerera kwathu kuno mu 1986 natsegula galaja yawo pa Boma. Chaka chomwecho anakwatira mayi Callista a ku Chifunga, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu.

Kagwiridwe kawo ka ntchito mukukadziwa nonse. Injini yodwala ankayamba ainunkhiza, n'kuyang'ana utsi wake, kenako n'kuyendetsa dzanja m'mapaipi kufunafuna podontha. Sanali munthu wofatsa, tisanamizane pamaliro. Mwini chigayo akasakaniza dizilo ndi palafini ankamukalipira pagulu, koma injiniyo ankamukonzerabe. Anali mkhristu wa mpingo wa Katolika, wa mphakati wa Yosefe Woyera, ndipo ankaimba besi m'kwaya, ngakhale ankafika mochedwa, zikhadabo zili bii.

Mwa ana awo, amene anatengera dzanja la bambo ake ndi Tadala, mwana wamkazi wotsiriza. Anaphunzira za mainjini ku sukulu ya ukachenjede ku Blantyre. Chaka chatha anabwera ndi anzake a bungwe lina kudzayesa jenereta yoyendera haidrojeni m'malo mwa dizilo. Umenewu ndi mpweya umene amaupatula m'madzi ndi magetsi a dzuwa. Tadala anapempha kuti jeneretayo ikhale pa galaja ya bambo ake, ndipo iwo anavomera asanamve n'komwe kuti mpweyawo ndi wotani.

Mpweyawu suchedwa kuyaka. Ukaupopera msanga, utsi wotentha usanathe kutuluka m'injini, umayakira pakhomo n'kuphulika chobwerera m'mbuyo. Ukauchedwetsa kwambiri, injini imafooka. Choncho Tadala ankasintha nthawi yopopera ndi muyeso wake pa kompyuta, bambo ake atatchera khutu pa injini, akumuuza kuti chedwetsa pang'ono, chepetsako pang'ono. Ankakangana mpaka odutsa pamsewu kuima. Pofika mwezi wa Meyi chaka chino, injini ija inasiya kutsokomola, inayamba kulira bwinobwino. Malemu anazungulira msika wonse kuuza anthu kuti mwana wawo wawaposa, mawu amene sananenepo za makaniko wina aliyense.

Koma mpweya umenewu sununkha, sutulutsa utsi wooneka, ndipo moto wake masana suoneka. Tadala anawachenjeza kambirimbiri kuti akakayikira paipi azitseka kaye mpweya, ndiponso azitsogoza tsache, chifukwa tsache likayaka limaonetsa pamene pali moto. Iwo ankavomera. Tsiku lina masana, Tadala atatuluka kukayankha foni, anamva kamluzu pa paipi yopita ku nozo. Dzanja linatsogola, monga linazolowerera zaka zonse zija za dizilo. Ovololo yawo, yodzaza mafuta, inagwira moto, ndipo anapsa mkono ndi chifuwa.

Anagonekedwa pa chipatala chathu cha boma, kenako anatumizidwa ku Blantyre. Madokotala anayesetsa, koma malemu analinso ndi matenda a shuga, mabala anakana kupola. Anatisiya Lachiwiri lapitali m'mawa. Ife abale tikuyenda ngati anthu ogona. Takhoma bokosi, takumba manda, koma misozi ikukana kutuluka, ndipo sitikudziwa kuti idzabwera liti.

Zomwe zikunong'onedwa kuseri tazimva. Akuti mwana anabweretsa mpweya wachilendo kudzapha bambo ake. Ena afika ponena kuti anawakhwimira kuti ntchito yake iyende. Chifukwa cha mawu amenewa, chifikire maliro Tadala sanalowe m'nyumba ya siwa, sanakhale pafupi ndi mayi ake, sanaonenso nkhope. Malemu anaziwoneratu zimenezi ali m'chipatala. Anaitana mng'ono wawo Benedict n'kumuuza kuti, “Ukanene pamanda, onse akumva. Mwanayo anandiuza za tsache, anandiuza mpaka kunditopetsa. Dzanjali ndi langa, palibe anandigwira. Asamusale mwana wanga.” Mawuwo ndi amenewo, tawapereka monga anatituma.

Bambo Kandulu asiya mkazi wawo, mayi Callista, mng'ono wawo Benedict ndi mlongo wawo Maness, adzukulu anayi, ndi ana atatu: Sosten, Ruth, ndi Tadala, amene waima yekha uko kuseri kwa magalimoto. Nkhata ya ana ndi imodzi, ndipo aiika onse atatu pamodzi. Tidikira mpaka afike pano.

Ntchito aweruka bambo athu. Apumule mu mtendere.