Zaka Khumi ndi Zinayi za Mayi Faines pa Geti

Abusa, akulu a mpingo, mafumu athu, amayi a Chigwirizano, ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, ine ndine Danieli Mbewe, mlongo wa malemu. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri. Akulu a mpingo andinong'oneza kuti ndifupikitse poti dzuwa lapendeka. Ndamva, koma mundikhululukire, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Amene tikuwaperekeza lerowa ndi Mayi Faines Kachiwanda, Nambewe. Anabadwa pa 14 Malichi 1971 m'mudzi uno wa Kamphinda, mfumu yaikulu Dzoole, m'boma la Dowa. Anali achisamba m'banja la ana asanu. Anayamba sukulu mu 1978 ndipo anali anzeru zedi, koma ali mu Sitandade 7 mayi athu anatisiya, iwo n'kuleka sukulu kuti atilere. Pensulo anandigwiritsa ndi iwowa. Kuyambira utsikana wawo ankalemekeza chinthu cholembedwa. Anali ndi chitini cha mabisiketi momwe ankasungamo khadi la ubatizo, kalata ya ukwati ndi makhadi a sikelo a ana onse. Ukawalonjeza kanthu pakamwa ankakuseka, amvekere: "Lembani, achimwene, pakamwa pamatembenuka."

Mu 1991 anamanga banja ndi Bambo Lester Kachiwanda a ku Nachisaka, ukwati wodalitsidwa mu mpingo wa CCAP. Mulungu anawapatsa ana anayi, mmodzi anatsogola ali wakhanda. Ankalima chimanga ndi fodya mpaka mu 2010, pamene alamu angawa anagwa pachigafa n'kuvulala msana. Ulimi wa fodya unathera pomwepo. Banja linasamukira ku Madisi, ndipo udindo wodyetsa nyumba unagwera Mayi Faines.

Tsopano ndafika pa ndime ya ntchito, ndipo mumve bwino. Mu Meyi 2011 malemu anayamba kusankha mtedza ndi soya pa kampani ina yogula mbewu ku Madisi konko. Dzina lake sinditchula, eni ake akudzidziwa, ndipo ena akhala pamipando yakutsogoloyi. Ntchito yake inali yotere: uthenga umabwera pa foni m'mamawa kuti lole yafika, bwerani. Amayi amathamangira pa geti, kapitawo n'kuyamba kuloza ndi chala, uyu alowe, uyu adikire, uyu abwere mawa. Ukalowa sudziwa kuti uweruka nthawi yanji. Ukabwezedwa sudziwa kuti adzakuitananso liti. Ukaitanidwa katatu osaoneka, dzina lako lafufutidwa. Lamlungu, Khrisimasi, tsiku la chinkhoswe cha mwana wako, zonsezo lole sizidziwa. Malemu ankakhala ndi foni m'manja ngati nkhuku yofungatira mazira, kuopa kuti ingalire iwo ali kumjigo.

Chaka choyamba chisanathe anapempha kalata ya ntchito. Sanapemphe njinga, sanapemphe malata. Anapempha pepala limodzi lonena kuti iwo ndani pa kampanipo, ayambe nthawi yanji, aweruke nthawi yanji, apume tsiku liti, ndipo akadwala atani. Anayankhidwa kuti abwana ali ku Lilongwe. Chaka chotsatira anati makina osindikizira afa. Kenaka anatulukira nzeru ina yoipa: miyezi itatu iliyonse amawauza amayi onse kuti ntchito yatha, akapume sabata imodzi, pobwerera n'kuwalandira ngati alendo oti sanawaonepo. Motero munthu wogwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pa tebulo limodzimodzi anakhalabe waganyu wa dzulodzulo. Si nkhanza zimenezi, abale anga? Ndi umbava wa masana dzuwa likuswa mtengo.

Malemu sanangokhala chete ayi. Tsiku lina anamva pa wailesi kuti lamulo la za ntchito m'dziko muno limafuna kuti wolemba ntchito apereke kalata yofotokoza ntchitoyo pasanathe mwezi munthu atayamba, komanso kuti wantchito azikhala ndi tsiku lopuma pa sabata. Analemba mawuwo kuseri kwa kalendala, n'kukawawerengera anzawo pa geti. Iwo ndi mnzawo wapamtima, Mayi Lenia, amene ali apowo, analowa mu ofesi kukafunsa. Mphotho yake inali yoti masabata atatu chala cha kapitawo chinkawadumpha, iwo ali chilili padzuwa kuonerera anzawo akulowa. Kunyumba kunali mwamuna wosatha kuwerama ndi ana a sukulu. Anabwerera pa mzere, koma pempho lawo sanalisiye. Chaka ndi chaka ankalembanso, kopi yake n'kusunga m'chitini muja. Dzulo tapezamo makalata khumi ndi atatu opempha. Yankho ngakhale limodzi mulibe.

Ku mpingo, malemu anabatizidwa mu 1985, nalowa Chigwirizano cha amayi mu 1996. Ankatsogolera nyimbo, ndipo mawu awo amayi mukuwadziwa. Koma ndinene poyera, pakuti zinkawapweteka mtima: kawiri konse anaitanidwa kubwalo la mpingo chifukwa chojomba misonkhano. Ena ankati Nambewe wayamba kukonda dziko. Sikunali kukonda dziko. Munthu angalonjeze bwanji kuti Lamlungu adzaimba, pamene Lamlungulo lili m'thumba mwa kapitawo? Sindikudzudzula mpingo, Abusa, ndikungoyeretsa dzina la mlongo wanga lisanalowe m'manda.

Mu 2022 malemu anapezeka ndi matenda othamanga magazi. Achipatala cha ku Madisi anawasamalira bwino, ndipo anawapatsa tsiku lokayezetsa ndi kulandira mankhwala mwezi uliwonse. Achipatala tsiku lawo analemba pa khadi, lodziwikiratu. Koma lole ikafika tsiku lomwelo, malemu ankayenera kusankha pakati pa mankhwala ndi dzina lawo pa geti. Atapempha kuti tsiku limenelo lokha aziwamasula, anauzidwa kuti tchuthi cha matenda n'cha antchito, waganyu akadwala amangosiya kubwera. Chaka chino anaphonya tsiku la chipatala mu Juni, anaphonyanso mu Julayi. Lachiwiri pa 5 Ogasiti anavala bwinobwino, khadi lili m'manja, alamu anga akuwaperekeza ndi ndodo yawo mpaka pa msewu. Foni inalira. Anali atajomba kale kawiri chifukwa cha mutu, ndipo aka kakanakhala kachitatu. Anawapatsa amuna awo khadi lija kuti akalibwezere m'chitini, iwo n'kukhotera ku geti.

Cha m'ma 11 koloko m'mawa womwewo anagwa pa tebulo losankhira mtedza, mbali imodzi ya thupi itafa. Pabwalo panali galimoto ya kampani. Mayi Lenia anagwada kuipempha, koma anauzidwa kuti galimotoyo imanyamula antchito okha. Amayi anzawo anawanyamula pa chitenje mpaka kumsewu, n'kuwakweza pa kabaza wina atawagwirira kumbuyo. Madokotala anayesetsa, ndipo tikuwathokoza. Malemu anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi osalankhula, ndipo anatisiya Lachinayi pa 14 Ogasiti 2025 m'mawa, ali ndi zaka 54.

Dzulo, polemba mbiri ino, ndinapita ku ofesi ya kampaniyo ndi chipewa m'manja. Sindinapite kukayambana. Mwambo wathu ndi woti mbiri ya munthu itchule kumene anagwira ntchito ndi zaka zake, ndiye ndinkafuna tsiku lenileni limene anayamba. Mkulu wa mu ofesimo anatsegula kabati, anatsekanso, nandiuza mosaphethira n'komwe kuti pa kampani pawo sipanakhalepo wantchito wa dzina limenelo. Ndinavala chipewa changa n'kutuluka. Munthu wagwera pa tebulo lawo, zala zake zatha ndi makoko a mtedza wawo, iwo akuti sakumudziwa!

Ndime iyi ndaiwonjezera m'mawa uno ndi bolopeni. Mukudziwa kuti kwathu kuno, kuntchito kwa munthu kukapanda kuoneka pamaliro ndi manyazi aakulu. Manyazi amenewo ndiwo awabweretsa. Galimoto yomwe ija inakana kunyamula wodwala yafika lero itanyamula nkhata ya maluwa, yaikulu kuposa zonse zili apa. Pa nkhatapo anamangirirapo khadi. Lili ndi chidindo cha kampani ndi siginecha ya abwana. Imvani zimene alembapo: "Kwa wantchito wathu wokhulupirika, Mayi Faines Kachiwanda, amene watitumikira zaka khumi ndi zinayi." Ha! Kani makina aja amasindikiza? Kani zaka mumaziwerenga? Kalata imene mlongo wanga anaipempha kakhumi ndi katatu ali moyo, mwaibweretsa lero mutaimangirira pa maluwa.

Banja lagwirizana chonchi. Mwambo sitiuswa: ikafika nthawi yoika nkhata, akuntchito adzaitanidwa, adzaike maluwa awo. Koma khadili lachotsedwa, ndi ili ndagwirali, ndipo silipita kumanda kukadyedwa ndi chiswe. Lolemba m'mawa, ine, alamu anga ndi Mayi Lenia tikalipereka ku ofesi ya za ntchito ku boma, pamodzi ndi makalata khumi ndi atatu aja. Amayi a pa geti, amene mwakhala kumbuyoko mafoni ali m'manja ngakhale pamaliro pano, tiyeni limodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Lester Kachiwanda, ana atatu, Tikondwe, Madalo ndi Mirriam, zidzukulu zinayi, alongo awo awiri ndi ang'ono awo awiri. Asiyanso amayi anzawo makumi atatu ndi awiri amene mpaka lero alibe kalata.

Pitani bwino, Nambewe. Dzina lanu lalembedwa, ndipo uko mukupita kulibe foni idzakudzutseni. Mzimu wawo upumule, ndithu upumule mu mtendere.