Ndodo Yonjenjemera ya a Abdulhamid

Olemekezeka a Khansala a dera lino, a Shehe ndi a Busa, atsogoleri a gulu la anzathu osaona, ophunzira, amayi ndi abambo, landirani ulemu wanga.

Ine Lawford zamawaya sindizidziwa. Babu ikapsa kwathu ku Area 43 ndimachita kuitana munthu. Ndavomera kuima pano chifukwa cha mnzanga wa paunyamata, a Abdulhamid, telala wa ku Old Town amene anandisokera suti yaukwati.

Matenda a shuga atawalanda maso, a Abdulhamid anayesetsa kumayendabe okha. Tsiku lina pafupi ndi msika ndodo yawo inadutsa pansi pa chitseko cha lole chimene chinali chotsegula, iwo n'kuwomba chipumi pachitsulo. Bala linapola, koma mantha sanachoke. Anasiya kutuluka, ngakhale kupita kumzikiti Lachisanu, ndipo ndikakawaona ndinkawapeza pampando womwewo, mawu ochepa.

Mwana wawo Tasneem, amene amagwira ntchito ku City Centre, zinamuwawa. Akaweruka ankayala mawaya patebulo, akumangirira pandodo kachipangizo ka timaso tiwiri. Kena kamatulutsa phokoso limene khutu la munthu silimva, kanzake kamadikira kuti phokosolo ligunde chinthu n'kubwerera. Likabwerera msanga, ndiye kuti chinthucho chili pafupi.

Ndodo yoyamba inkalira ikayandikira chinthu. Bambo ake anaibweza. "Mwanawe, ukufuna anthu aziti kukubwera galimoto yobwerera chambuyo?"

Sekani ndithu, nafenso tinaseka, koma Tasneem anakalira kuchipinda. Atapukuta misozi anachotsa kulira kwa ndodoyo, n'kuikapo kamota ka m'foni yakale, kuti ndodo izingonjenjemera m'dzanja, mwiniwake yekha amve.

Lachisanu lina mnzangayo anandiitanitsa. "A Lawford, lero musandigwire dzanja. Yendani pambuyo panga."

Ndinawatsatira mtima uli m'mwamba. Pakhonde la sitolo ina panali lata lotsika kufika pamutu. Ndisanatsegule pakamwa anaima, analambalala, n'kupitirira. Atafika pamzikiti anzawo anawalandira ndi manja awiri, ndipo ine Mkhristu ndinatsala panja, ndikunamizira fumbi kuti landilowa m'maso.

Tisanamizane, ndodoyi sibweza maso. Mvula imaisokoneza, ngalande siizindikira bwino, batire limatha. N'chifukwa chake chipinda chophunzirira chino cha ku Area 3 chikufunika, kuti Tasneem aphunzitse ena ndipo ndodozi zikonzedwe bwino. Inu ophunzira, mukamalumikiza mawaya muzifunsa amene adzagwire ndodoyo, ndipo akakana musakwiye.

A Abdulhamid ali kutsogolo kuno. Abwera wapansi, ndipo andiuza kuti ndisachulutse mawu. Choncho, mwa mphamvu imene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda chophunzirirachi chatsegulidwa kuyambira lero.

Zikomo kwambiri.